Mikono Yokana Kukwera

Zinayambira pa mjigo. Ndowa ndinkadzaza ndekha, koma pofuna kusenza, mikono inkangofika m'mapewa n'kukana. Amayi anzanga ankanditwika, ena akuseka kuti ulesi wandipeza ndisanakalambe. Nthawi imeneyo ndinali ndi ana atatu, tikulima thonje ndi mapira kufupi ndi Ngabu.

Kuchipatala cha kwathu ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko adokotala anandiuza kuti nditsinzine mwamphamvu, nditukule mikono, kenako ndiimbe mluzu. Ndinaseka. Chibadwire sindinaimbepo mluzu, ndipo malemu bambo anga nawonso sankatha.

"Bambo anuwo mikono yawo inali bwanji?" anafunsa adokotalawo.

Ndinakumbukira kuti malaya ankawaveka ndi mayi. Ana tinkangoti n'chikondi cha akuluakulu.

Adokotala anati ndi matenda a minofu, akumtundu, opezeka mwa apo ndi apo, ndipo mankhwala ochiza palibe. Ananditumiza kwa mayi wina wophunzitsa mafizo, amene anandipatsa pepala la zithunzi za munthu akutambasula mikono pakhoma.

"Muzichita zimenezi, muziyendanso ndithu," anatero. "Koma musamadzitopetse."

"Ndizidziwa bwanji kuti apa ndiye potopa?"

"Mukadzuka mawa lake thupi likuphwanya, kapena lofooka kuposa dzulo, ndiye kuti munapyola muyeso."

"Ndiye ndizidziwa nditalakwitsa kale?"

Anamwetulira, n'kunena kuti ndidzazolowera kumva thupi langa. Anatchulanso kusambira. Nditamuuza kuti mu Shire muli ng'ona, anati zimenezo ndiiwale. Za chakudya anati nsomba, mazira, nyemba, masamba ndi madzi ambiri, koma ndisanenepe, chifukwa minofu yofooka siingathe kunyamula thupi lolemera.

Kunyumba, amuna anga analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Nanga kupalira thonje si mafizo amenewo, mayi?"

Ndikapita kumunda, mawa lake ndinkadzuka mapewa akuyaka. Ndikakhala masiku atatu osagwira khasu, mikono inkauma ngati nkhuni. Mwezi wa Okutobala dzuwa la kwathu limatopetsa ngakhale munthu atangokhala pamthunzi, ndiye sindinkadziwa kuti kutopa kwa dzuwa ndi kuti, kwa matenda ndi kuti.

Apongozi anga aakazi anabwera ndi nzeru yawo. Ankandiphikira mbatata ndi milamba yonona, n'kukhala pambali kuonerera ndikudya.

"Munthu wofooka amadya, mwananga. Malizani mbaleyo."

"Akuchipatala anati ndisanenepe, amayi."

"Akufuna muonde kuti mugwe ndi mphepo?"

Tsiku lina ndinasiya chakudya m'mbale. Anakhala sabata yathunthu osandilankhula.

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi akulu anga a ku Makhuwira. Nditawachezera, ndinaona akusamba kuti mafupa a kumsana kwawo ndi otuluka ngati anga. Ndinawafotokozera zonse. Iwo mafizo sankawadziwa, ankadya chilichonse, thupi lawo lalikulu, koma ndowa ankasenza okha ndipo ankasinja mapira.

"Iwe pepalalo ndi limene likukudwalitsa," anatero. "Litaye."

Ndinabwerera kwathu ndili kakasi, ndipo miyezi iwiri sindinachite mafizo. Sindinaone kusintha kulikonse, kwabwino kapena koipa. Nditapitanso ku Blantyre ndinapeza mnyamata wina m'malo mwa mayi uja. Anati matendawa amayenda mosiyana ngakhale mwa anthu a bere limodzi, ndipo mafizo sabwezera mphamvu zimene zatha, amangosunga zotsalazo. Ndinamufunsa kuti ndingadziwe bwanji ngati zikusungikadi. Anati zimenezo n'zovuta kuziona ndi maso.

Ndinayambiranso. Kumunda ndimapita dzuwa lisanakwere, n'kuweruka anzanga akadali pakati pa mzere. Amuna anga anatsitsa chingwe choyanikapo zovala kufika pachifuwa panga. Apongozi anachepetsa mbatata, koma amandidandaulira kwa aliyense wodutsa.

Chaka chatha akulu anga aja anandiimbira foni. Anati akulephera kumanga duku, mikono siikufika kumutu.

"Bwera udzandionetse zako zija," anatero motsitsa mawu.

Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi. Tinaima awiri pakhoma la nyumba yawo, tikukwawitsa zala m'mwamba pang'onopang'ono. Atafika potopa anandifunsa ngati zimathandiza. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, koma tichite kasanu ndiye tipume.