Mwana Wozizira M'chigwa cha Bwanje

Mwana woyamba wa mng'ono wanga anakhala ndi moyo masiku khumi ndi awiri. Ine sindinamuone. Ndinali ku Lilongwe pa ntchito yanga ya kunyuzipepala, ndipo zimene ndikudziwa ndinazimva pamaliro: ankasanza akangoyamwa, maso anachita chikasu, thupi linazizira, anatsirizikira pa kabaza asanafike kuchipatala. Akuluakulu anati ndi tsempho, ndiye kuti bambo wake anayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda. Alamu anga anakana mpaka misozi. Palibe anawakhulupirira, ngakhale amayi athu, amene kwa alamuwo ndi azakhali awo enieni. Alamu ndi mwana wa amalume, msuweni wathu, ndipo ukwati wawo ndi mng'ono wanga unakondweretsa mbali zonse ziwiri.

Wachiwiri atabadwa, patapita zaka ziwiri, ndinapempha tchuthi. Ndinafika kwathu ku Bwanje mwanayo ali ndi masiku anayi. Munali mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, malata akuthetheka padenga. Mbuzi zinali zitaunjikana pansi pa nkhokwe. M'nyumbamo ndinapeza mng'ono wanga ali thukuta kamukamu, mwana atamukulunga zitenje ziwiri, bulangete ndi chipewa cha ulusi. Ndinalowetsa dzanja kuti ndigwire kaphazi. Kanali kozizira ngati mwala wa pansi pa mtsuko.

M'chikwama ndinali ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Ndinakaika m'khwapa mwa mwana, kanaonetsa madigiri 35. Ndinaganiza kuti kawonongeka panjira. Ndinadziyeza ndekha, kanaonetsa 36.8. Ndinamuyezanso mwana. Anali 35 yemweyo.

"Akuyamwa?" ndinafunsa.

"Amayamwa, achemwali, koma sizikhalamo. Ayamba dzulo."

Apa ndinene zimene ndinachita ine. Ndinali nditalembapo nkhani zambiri za kuyamwitsa mwakathithi, ndipo malangizo ake ndinkawadziwa pamtima: miyezi isanu ndi umodzi bere lokha, wakhanda akazizira muikeni pachifuwa cha mayi khungu kukhungu, akasanza muyamwitseninso. Malangizo amenewa ndi oona, ndipo apulumutsa ana ambiri. Ndinachotsa bulangete, ndinamangirira mwana pachifuwa cha mayi wake, ndinatchera foni kuti izilira maola awiri aliwonse. Ikalira, mwana pabere. Ndinatsegula kope n'kumalemba nthawi yoyamwa ndi nthawi yosanza. Amayi ankandiyang'ana ali pakhomo.

"Iwe ndi makope akowo," anatero. "Ana asanu ndi mmodzi ndinalera ine popanda cholembera."

M'masiku awiri ndinamuyamwitsitsa mwanayo nthawi zoposa makumi awiri. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anasiya kulira. Ankangotsegula kukamwa, mawu osatuluka, ndipo m'maso munali mutayamba chikasu. Alamu anathamangira njinga zamoto ziwiri. Kuchipatala chaching'ono anamubaya jakisoni n'kutitumiza paboma ndi ambulansi.

Kumeneko anapeza kuti m'magazi muli tizilombo, anayamba mankhwala. Popeza ankasanza kwambiri anamuika pa dilipi, n'kunena kuti ayambe waima kuyamwa. Patapita masiku awiri mwana anafunda. Analira mokweza mpaka mayi wa pabedi loyandikana anaseka, amvekere, "Eee, kodi muli ndi mwamuna muno?" Anamwino analola kuti abwerere kubere. Lisanathe tsiku lachiwiri anayambanso kusanza, mapazi zii. Anamubwezera pa dilipi, anachira. Anamubwezera kubere, anagwanso.

Tinali kuseri kwa wodi tikuyanika matewera pamene mng'ono wanga ananena, osandiyang'ana.

"Achemwali, mwana uyu amachira ndikamusiya. Ndikamuyamwitsa ndiye ndikumupha."

"Usadzanenenso zimenezo," ndinamukalipira. "Bere silipha mwana. Ukufuna anamwino akuseke? Watopa basi, kagone."

Anatola beseni n'kulowa. Sananenenso kwa wina aliyense mpaka tinatumizidwa kuchipatala chachikulu cha mumzinda, mwana ali ndi masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, mimba itatupa chifukwa cha chiwindi.

Dokotala wa ana anali mayi wachitsikana, wolankhula mofulumira. Anawerenga mapepala onse, kenako anafunsa ngati panali mwana wina amene anadwalapo chonchi. Tinamuuza za woyamba uja. Anafunsa ngati bambo ndi mayi ali pachibale. Alamu anayankha kuti ndi asuweni. Anafunsanso ngati pali china chimene mayi waona yekha. Mng'ono wanga anandiyang'ana kaye, kenako ananena mawu omwe aja a kuseri kwa wodi, osasintha ngakhale limodzi. Ine ndinakonzeka kupepesa m'malo mwake. Dokotala anasiya kulemba.

"Mwaona liti zimenezi, mayi?"

"Sabata yatha."

"Munauza ndani?"

Ndinayankha ndine m'malo mwa mng'ono wanga: anauza ine.

Tsiku lomwelo dokotala anatenga mkodzo wa mwana. Anadontheza pang'ono m'kabotolo ka mankhwala obiriwira ngati thambo, mankhwalawo anasanduka ofiirira ngati njerwa. Anati zimenezo zikusonyeza kuti mumkodzo muli shuga. Anaviikamo kapepala koyezera shuga wa matenda a shuga amene tonse timawadziwa, sikanasinthe. Ndiye kuti anali shuga wa mtundu wina. Anatifotokozera titaimirira m'khonde. Mumkaka muli shuga wake, ndipo thupi la munthu lili ndi chogayira shuga ameneyo. Ana ena, ochepa kwambiri, amabadwa chogayiracho chisakugwira ntchito. Shugayo amaunjikana, amawononga chiwindi, maso ndi ubongo, ndipo amatsegulira njira tizilombo ta m'magazi. Dzina lake ndi galakitosemiya. Kuti atsimikize anafunika kutumiza magazi kunja kwa dziko, koma anati sadikira zotsatira. Bere lithe lero. Mkaka wa ng'ombe ayi, wa mbuzi ayi, wa m'chitini wamba ayi. Wa soya wokha, wopangidwira makanda.

Ndinatsamira khoma. M'chikwama mwanga munali kope lija, mizere yake yowongoka bwino, maola awiri aliwonse.

Alamu anafunsa chinthu chimodzi chokha. "Adokotala, zimenezi zimabwera chifukwa cha khalidwe la bambo?"

"Ayi. Mwana amatengera kwa makolo onse awiri, mbali kwa inu, mbali kwa mayi. Inu simudwala, mumangonyamula. Pachibale zimakumana mosavuta. Mimba iliyonse ya inu awiri, mwayi woti mwana abadwe nazo ndi umodzi mwa inayi."

Alamu anakhala pansi pa simenti pomwepo, anthu akuwalambalala. Zaka ziwiri anali akudya pamudzi pathu ngati wakuba.

Mwana anasintha m'masiku atatu. Anasiya kusanza, anafunda, chikasu chinayamba kuchoka. Ankamwa mkaka wa soya ndi kakapu. Mng'ono wanga anamanga mabere ndi chitenje, akulira ndi ululu, mkaka ukudontha mpaka pamimba. Kumayambiriro kwa Disembala tinabwerera kumudzi ndi zitini zinayi ndi kalata ya dokotala.

Amayi ndinawafotokozera ndekha, pakhonde, pang'onopang'ono. Ndinatchula mkaka wa munthu, wa ng'ombe, wa mbuzi. Ndinawauza kuti nthendayo inadzera mwa iwo ndi mwa amalume, ndipo mwina nanenso ndinanyamula. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako ananyamula chitini, anachinunkhiza.

"Soya," anatero. "Amene timadyetsa nkhuku."

"Uyu ndi wokonzedwa, amayi."

"Mwana wa munthu akule ndi nyemba ngati nkhuku yachizungu? Chabwino. Inu ndi amene munapita kusukulu."

Ndinatenga mawu amenewo ngati kuvomera, ndipo ndinabwerera ku ntchito.

Mu Januwale anthu a kusikimu ya ulimi wothirira ya kwathu amakhala akuwokera mpunga, ndipo mbande sizidikira munthu. Mng'ono wanga ndi alamu ankalawirira kumunda n'kubwera dzuwa litapendeka. Mwana wosayamwa safunika kumutengera m'matope, choncho ankatsala ndi amayi, pamodzi ndi fulasiki ya madzi owiritsa, kakapu ndi chitini. Lachisanu lina mng'ono wanga anandiimbira. Mwana anali atayambanso kusanza kuyambira Lachitatu, pang'onopang'ono, ndipo ankagona kwambiri. Iye ankakayikira chitini chimene anatsegula sabata imeneyo. Ndinagula zitini zina ziwiri mumzinda, Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi, ndinatsikira pamsewu n'kutenga kabaza.

Ndinafika cha m'ma 11 koloko. Pakhomo panalibe munthu. Fulasiki inali patebulo, yodzaza, kakapu kali kouma. Ndinamva mawu a amayi kuseri kwa mpanda, kwa aneba athu, mayi wa ana atatu amene amaimba nawo kwaya kutchalitchi. Ndinazungulira.

Anebawo anali atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Kubere lakumanzere kunali mwana wawo wa miyezi isanu. Kubere lakumanja kunali mwana wathu. Amayi anali atagwada pambali, atagwirizira kamutu kake ndi dzanja kuti asalisiye.

Sindikumbuka kuti zitini ndinaziponya pati. Ndikukumbuka kuti ndinamukwatula mwanayo, mkaka ukutsika m'mbali mwa kamwa, ndipo thupi lake linali lofewa ngati nsalu yonyowa. Manja anali ozizira.

"Mwayamba liti?"

"Iwe, moni kaye," anatero amayi.

"Amayi, mwayamba liti?"

"Lolemba. Kawiri patsiku basi. Ukufuula chiyani ngati kwagwa maliro?"

"Ndinakuuzani kuti mkaka umamupha!"

"Mkaka wa amake. Bere la mng'ono wako ndi loipa, linapha woyamba, ndavomera. Awa bere lawo ndi labwino. Taona mwana wawoyo mmene alili, masaya ngati mandasi. Kuchipatala anawayeza magazi, alibe kachilombo, ndinafunsa. Ukuona ngati ndine wopusa?"

Sanali kunama, ndipo sanali kubisa chifukwa cha manyazi. Anabisa kuti ana awo ophunzira asawasokoneze pa ntchito yabwino. Iwo anaonapo ana amasiye akukula ndi bere la mayi wina. Mkazi wa bere loipa anamumvapo. Koma mwana amene mkaka wa munthu aliyense ndi poizoni kwa iye, chimenecho m'moyo mwawo munalibe, ndipo mawu anga a pakhonde aja sanachiikemo.

Anebawo anabweza bere m'bulauzi. "Ine amati ndithandize, asisi. Amati mwana akufa ndi njala. Ine ndimati ndikuchita za Mulungu."

Mwana anasanza pamapewa panga, kenako anasanzanso, zachikasu.

Wina anathamangira kusikimu. Mng'ono wanga anafika matope ali m'maondo, mbande zili m'manja, anaiwala kuzitaya. Anayang'ana mwana, anayang'ana aneba, anayang'ana amayi. Sanakuwe. Anapukuta manja pachitenje, anamutenga mwana kwa ine, anafunsa alamu ngati kalata ya dokotala ili m'thumba. Amayi anayamba kumanga mpango kuti atsagane nafe.

"Inu tsalani," anatero mng'ono wanga. Aka kanali koyamba kumumva akuwalamula amayi.

Kalatayo inatithandiza. Paboma anaiwerenga, anaika dilipi nthawi yomweyo, anaimbira dokotala uja, ndipo m'mawa mwake tinali mumzinda. Chiwindi chinali chitatupanso. Magazi ankachedwa kuundana, moti pamene anabaya jakisoni pankangotuluka magazi mpaka anamanga bandeji. Masiku atatu oyamba dokotala sanatilonjeze chilichonse. Atamuunika m'maso ndi tochi anapeza kamtambo kakang'ono m'diso lililonse, chiyambi cha ng'ala, ndipo anati mwina kadzachoka mkaka ukasiyidwa, mwina kadzafuna opaleshoni. Anandifunsa kuti mkaka unalowa bwanji. Ndinamuuza.

"Agogowo abwere," anatero. "Ndilankhule nawo ndekha."

Amayi anabwera tsiku lachisanu ndi chiwiri, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Dokotala anakhala nawo pafupifupi ola lathunthu. Ine sanandilole kulowa. Potuluka amayi anapita pabedi, anaima, anayang'ana bandeji ya padzanja la mwana ndi kachubu ka m'mphuno.

"Ndiye ngakhale bere langa, pamene ndinali mtsikana?" anafunsa.

"Ngakhale lanu," anatero mng'ono wanga.

Amayi anagwira chitsulo cha bedi ndi manja onse awiri. Anakhala choncho mpaka anamwino anabwera kudzatulutsa alendo.

Anatitulutsa patapita masiku khumi ndi limodzi. Pageti la chipatala amayi anatambasula manja kuti alandire mwana, monga amachitira agogo aliyense, kuti mayi anyamule katundu. Mng'ono wanga anawapatsa chikwama cha matewera. Mwana anamubereka yekha, anamanga mfundo ziwiri.

Mnyamatayo tsopano ali ndi zaka zinayi. Kamtambo ka m'diso lakumanja kanachoka kokha, lakumanzere anachita opaleshoni. Amalankhula mochedwa poyerekeza ndi anzake, ndipo dokotala akuti zimachitika ndi nthendayi ngakhale mwana asamalidwe bwanji, choncho palibe angadziwe kuti masiku asanu ndi limodzi a kwa aneba anatengapo chiyani, kapena masiku anga awiri a foni yolira. Nyengo yowokera, mng'ono wanga amapita naye kusikimu. Amamukhazika pamlambala wa m'mphepete mwa munda, pansi pa ambulera, ndi botolo la madzi ndi mbatata yophika. Amayi amakhala nawo pakhomo limodzi, amamusambitsa, amamuseketsa, amamugulira nthochi. Chiyambire Januwale uja sanasiyidwepo naye okha ngakhale kwa ola limodzi, ndipo sanapemphepo.