Bodza limene mlamu wanga anapita nalo kumudzi

Ndinapita ku Durban m'chaka cha 2010, nditasiya mwamuna wanga ndi ana athu awiri aakazi kwathu ku Ntcheu. Tinagwirizana kuti ndikasoke zaka ziwiri zokha, nyumba imene tinkamanga ikafoleredwa ndibwerere. Chaka chachitatu chinandipeza ndikadali komweko.

Ndinkakhala ku Mayville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Chipinda choyandikana ndi changa munkakhala mayi wachikulire wa ku Dedza, telala wodziwa ntchito, amene anabwera ku Joni kalekale. Ndiwo anandiphunzitsa kudula zovala za amayi achizulu, ndiwonso anandiperekeza kumpingo wa Amalawi umene unkakumana m'kalasi ya sukulu ina Lamulungu lililonse. Ndinkangowatchula kuti amayi, iwo ankanditchula mwanawe. Tinkasokera m'chipinda mwawo chifukwa munali windo lalikulu. Pamsewu tinkayankhulana Chizulu chathu chophotchola, Chichewa tinkachiyamba tikatseka chitseko.

Ndivomere kuti ine ndinabadwa ndi mtima wapachala. Munthu akandiponyera liwu limodzi ndinkamubwezera asanu, ndipo ndinkadziwa kusankha opweteka. Kwathu ankandidziwa choncho, ndipo ena ankandiopa. Ine ndinkayesa ulemu.

Mlamu wanga, mchemwali wamkulu wa mwamuna wanga, ankachita bizinesi yooda katundu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu ankabwera pa basi kudzagula mabulangete, nsapato ndi makatani, ndipo ankafikira kwa ine. Ndinkamupatsa bedi, ine n'kugona pansi. Analibe mwana, ndipo banja lake linatha pa chifukwa chomwecho. Nkhani imeneyi sankaikamba kwa anthu. Anandiuza ine ndekha tsiku lina tikumanga katundu, momwe mwamuna wake anabweretsera mkazi wina wapakati m'nyumba, iye ali momwemo. Akakhala kumudzi, ndiye ankasambitsa ana anga ndi kuwaluka tsitsi.

Loweruka lina mlamu ali kwa ine ku Durban, makina anga anayamba kudula ulusi. Kumpingo kwathu kunali bambo wina, mkulu wa mpingo, amene ankalima maluwa kwa azungu ku Hillcrest koma ankadziwa kukonza makina osokera. Anabwera masana, anavula nsapato pakhomo, ndipo poti mpando munalibe anakhala pamphepete pa bedi, makina ali pamiyendo. Ndinawathirira tiyi. Mlamu anatipeza choncho pochokera ku tauni ndi zikwama zake. Anapatsana moni bwinobwino, bambo aja anamaliza n'kumapita. Lolemba mlamu ananyamuka, tinatsanzikana mwansangala.

Patatha milungu iwiri, Lachinayi m'mawa, foni yanga inalira. Tinali pakalikiliki kusoka mabulauzi oyera a amayi a mpingo wina wachizulu, ofunika Lamulungu. Anali mwamuna wanga, ndipo sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

“Ndamva kuti mwapeza wokukonzerani makina kumeneko,” anatero. “Akuti amavula ndi nsapato zomwe.”

“Mukunena chiyani kodi, bambo?”

“Achemwali anaona ndi maso awo. Ngati mwakwatiwa mungonena, ndidziwe chowauza anawa.”

Anadula. Ndinaimirira, mpando n'kugwa. Ndinayamba kufunafuna nambala ya mlamu. Mawu omuuza ndinali nawo kale, anangobwera okha. Ndinkafuna kumuuza kuti munthu amene banja linamukanika, wosadziwa ndi ululu wa kubereka womwe, asamalowerere mabanja a anzake. Ndinkadziwa kuti mawu amenewo akamulasa pomwe pali bala, ndipo n'chimene ndinkafuna.

Amayi anali atamva zonse, poti foni yanga inali yaphokoso. Anadzuka, anaitenga m'manja mwanga ngati akulanda mpeni kwa mwana, anaiponya m'chitini cha mabatani n'kutseka.

“Bulauzi yako yatsala kolala,” anatero. “Maliza.”

“Amayi, ndipatseni foni yanga. Simunamve zimene wandichita mfiti ameneyu?”

“Ndamva, mwanawe. Wakulakwira, sindikukana. Ndiponso sindikukuletsa kuyankha, uyankha ndithu. Koma unene kaye pemphero la Ambuye, lonse, osadumpha. Ukatero usoke kolalayo. Foni siithawa.”

Ndinakhala pansi chifukwa cha ulemu chabe. Pemphero lija ndinaliyamba mothamanga ngati mwana wasukulu, koma nditafika pa mawu okhululukira otilakwira, ndinalephera kupitirira. Ndinabwereza, ndinaimanso pomwepo. Kolala ndinaisoka yokhota. Amayi anaiyang'ana, anandipatsa lezala kuti ndimasule. Yachiwiri inakhotanso. Misozi inadontha pansalu yoyerayo mpaka anandilanda kuti ndingaidetse.

Tikudya buledi masana ndi pomwe anandiuza za mwana wawo. Ndinkadziwa kuti ali ndi mwana mmodzi, mwamuna wamkulu wapabanja, koma ndinkayesa ali kumudzi.

“Ali ku Phoenix konkuno,” anatero. “Takisi ziwiri zokha. Tsiku lina anabwera kuno ataledzera, n'kundinyoza pamaso pa makasitomala. Ine osadikira kuti mowa umuchoke, ndinamuuza kuti ndi chidakwa ngati bambo ake, ndipo ndikanadziwa sindikanamubereka. Mowa unamuchoka, mawu aja sanamuchoke. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi asanaponde pano. Ndapepesa kangapo. Amandiyankha mwaulemu pafoni, basi.”

Anasasa nyenyeswa pachitenje n'kubwerera pamakina.

Foni anandibwezera m'mawa mwake. Mlamu sindinamuimbire. Ndinaimbira mwamuna wanga, ndipo ndinamuuza zonse monga zinachitikira: makina, bambo aja, tiyi, nsapato. Ndinati ngati akufuna ayankhule ndi amayi kapena abusa. Anangoti, “Chabwino, ndamva.” Sindinadziwe ngati wakhulupirira. Milungu yotsatira ankandipatsa ana kuti ndiyankhule nawo, iye osanena zambiri.

Ndisaname kuti mtima unakhala pansi. Ndinkati ndikamapalasa makina, m'mutu ndinkakhala ndikukangana ndi mlamu, ndipo nthawi zonse ndinkapambana ndine. Kumpingo ndinayamba kuwazemba bambo aja, munthu wosalakwa amene sankadziwa n'komwe kuti nsapato zake zafika ku Ntcheu. Tsiku lina ndinauza amayi kuti kukhala chete kwanga kukungoonetsa ngati ndavomera mlandu. Anati, “Mwina. Koma chete ungathe kumusiya mawa ukafuna. Zimene ukufuna kunenazo sudzazibweza.”

Patatha mwezi ndi theka mlamu anatumiza uthenga wapafoni, mawu anayi okha: “Ndifika mawa masana, alamu.” Ngati palibe chinachitika. Ndinawaonetsa amayi, iwo anangoti, “Uchape zofunda.”

Anafika dzuwa likuswa mtengo, atasenza chikwama, china chili kumanja. Anali atakhala m'basi masiku awiri, ndipo miyendo inali itatupa moti zingwe za nsapato zinalowa m'mnofu. Ndinamulandira katundu. Atafika pakhomo anaima, anayang'ana pansi, n'kuseka pang'ono.

“Lero nsapato palibe?” anatero.

Mawu aja anafika palilime onse, okonzeka, ndipo pakamwa ndinali nditatsegula kale. Amayi sanali pafupi, anali atapita ku tauni kukagula zipi. Panalibe wondilanda chilichonse. Ndinaona beseni pakona, ndinalitola n'kutuluka kukatunga madzi.

Mpopi wa pabwalo paja unkatulutsa madzi pang'onopang'ono, ndipo tsiku lililonse tinkaudandaula. Tsiku limenelo ndinauyamika. Ndinaima pamenepo madzi akudontha m'beseni, mayi mwini nyumba akuyanika zovala pafupi. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chizulu ngati ndili bwino. Ndinati yebo. Ndinanena pemphero lija chamumtima. Sindinganene kuti ndinakhululuka pamenepo, ayi. Ndinangopempha kuti Mulungu andigwire pakamwa mpaka ndidziwe chifukwa chake munthuyu akundichita zimenezi. Beseni linadzaza mpaka kusefukira, ine ndikadali chiimire.

Ndinatenthetsa madziwo pasitovu, ndinathiramo mchere, n'kuika beseni patsogolo pa bedi.

“Viikani miyendo, alamu.”

Anandiyang'ana mokayikira. Ndikuganiza kuti anabwera atakonzekera nkhondo, ndipo sanadziwe chochita ndi beseni. Anavula nsapato movutikira n'kuviika. Ndinakhala pansi moyang'anana naye.

“Alamu, munaona chiyani tsiku lija?”

“Ndinaona mwamuna pabedi panu.”

“Akutani?”

Ankangoyang'ana zala zake m'madzimo.

“Ndikufunsa chifukwa banja langa likugwedezeka,” ndinatero. “Ngati ndinakulakwirani penapake, ndiuzeni pano, tili awiri.”

Anayamba kuyankha mokweza, koma mawu anamuthera pakati. Anati nditangotsanzikana naye ulendo wathawo, anakapeza mwana wanga wamng'ono atagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Iwo sanandiuze poopa kuti ndida nkhawa. Anagona naye pansi m'wodi masiku anayi. Mwanayo thupi likatentha ankaitana amayi, ndipo namwino atamufunsa kuti amayi ako ndi ati, analoza mlamu. Anatinso mchimwene wake wayamba kumwa, masiku ena ankabwera kunyumba ana atagona ndi njala.

“Aliyense amafunsa ine kuti akaziwo abwera liti,” anatero akulira. “Ine ndiyankhe chiyani? Mwana wamng'ono uja sakukudziwani. Chithunzi chanu amati ndi anti a ku Joni. Ndinati mwina achimwene akapsa mtima akuitanitsani, mubwere. Sindinaone kanthu ine. Ndinangoona nsapato.”

Mkwiyo sunathe, koma unasakanikirana ndi manyazi ndi mantha, moti sindinadziwe kuti ndilire chiti. Munthu amene ndinkafuna kumutukwana kuti sadziwa za mwana ndi amene anagona pasimenti m'chipatala ndi mwana wanga.

“Mwandipweteka kwambiri, alamu,” ndinatero. “Mukanangondiuza za mwanayo, ndikanabwera. Bodza silinali lofunika.”

Sanati pepani. Mlamu wanga si munthu wonena mawu amenewo, ndipo mpaka lero sananene. Anangotambasula dzanja kuti ndimupatse foni. Anaimbira mchimwene wake ine ndili pomwepo, miyendo ikadali m'madzi. Anamuuza kuti bambo aja ndi munthu wamkulu wa kumpingo, anabwera masana chitseko chili chotsegula, ndipo zina zonse anawonjezera yekha. Ndinamva mwamuna wanga akukalipa kumbali inayo. Mlamu anangomvetsera, osadziteteza.

Amayi atabwera anatipeza tikusankha mpunga. Anatiyang'ana tonse awiri, anayang'ana beseni, n'kupatsa mlamu moni ngati masiku onse. Pambuyo pake ali okha anandifunsa kuti, “Unanena?” Ndinati sindinanene. Anagwedeza mutu n'kundipatsa zipi zanga.

Ndinamaliza maoda amene ndinali nawo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho ndinakwera basi, makina ali m'katoni. Nyumba inali isanathe, tinakalowamo choncho, chipinda chimodzi chofolera, china chopanda denga. Amayi anandiperekeza mpaka kokwerera basi. Sanafune kubwerera kumudzi, ankati sangachoke mwana wawo ali ku Phoenix, mwina tsiku lina adzagogoda. Tinkaimbirana kwa zaka zingapo, kenaka nambala yawo inasiya kugwira, ndipo palibe amene anandiuza zenizeni.

Kunyumba zinthu sizinakonzeke tsiku limodzi. Mwamuna wanga anavomereza kuti ndinalibe mlandu, koma kwa nthawi yaitali foni yanga ikalira ankatembenuka. Mowa anausiya pang'onopang'ono. Mwana wamkulu anandithamangira pomwe ndinkatsika basi. Wamng'ono anabisala kumbuyo kwa chitenje cha azakhali ake, ndipo anakana kugona kwathu. Zinandiwawa, ndinafuna kukamutenga mokakamiza, koma ndinamusiya. Tsiku lililonse ndinkapita kwa mlamu kukakhala pakhonde, mwanayo akusewera chapatali n'kumandiba ndi maso.

Patatha pafupifupi milungu iwiri, m'mawa ndikusesa pabwalo, ndinaona mlamu akubwera atamugwira dzanja, kwinaku atanyamula kajumbo ka zovala zake. Anafika, anaika kajumbo pakhonde.

“Tsitsi lake lasokonekera,” anatero. “Ine lero ndili ndi ulendo wa kumsika. Mumuluke ndinu.”

Anatembenuka msangamsanga n'kumapita, osacheuka. Mwanayo anamuyang'ana mpaka anakhota, kenaka anabwera n'kukhala pansi pakati pa miyendo yanga, n'kundiuza kuti ndisamakoke kwambiri.