Tsiku Limene Agogo Anayankha Odi

Fungo la mtovu wosungunuka limandibweza ku Namacula, kuseri kwa nyumba yathu, kumene agogo a Bernardo, bambo awo a amayi anga, ankakhala m'kachisakasa ka matabwa, chifunga cha m'mawa chikulowa m'ming'alu, mbaula ikuthetheka, iwo atawerama pa kachiwaya kakuda. Pa unyamata wawo ankaperekeza alenje a nyama zikuluzikulu, ndipo anapuma ntchito ali ndi volovolo, mfuti ya m'dzanja yolemera zedi, ndi mapepala ake omwe. Zipolopolo zake sizinkapezeka m'masitolo a mu Lichinga, choncho ankatola zigoba za mkuwa zowombera kale n'kumadzazanso okha. Tsiku losungunula mtovu linali lina, lothira wonga lina. Moto ndi wonga ankazipatula ngati mkamwini ndi apongozi.

Tsiku la wonga agogo sankayankha munthu. Mlendo ankatha kuchita odi mpaka kusasa mawu, iwo ali zii, maso ali pa kasikelo, akuyeza, kuthira, n'kutseka chigoba ndi mtovu. Agogo aakazi ankangouza alendo kuti, "Khalani pansi, ali mu misa yawo." Anthu a m'dera lathu ankati nkhalambayo ndi yodzimva, ndipo ine ndinkavomereza, poti nanenso moni wanga ankaumeza. Nditadandaula tsiku lina anandiuza kuti, "Wonga sufuna mlendo, mdzukulu wanga. Ukathira kawiri, mfuti imadya dzanja la mwini wake."

Chaka china, nthawi yokumba mbatata, njati yovulala ndi msampha inayamba kuthamangitsa alimi kuseri kwa Lione. Malume Tomasi, mwana wamwamuna yekhayo wa agogo, anali mlonda wa nyama zakutchire, ndipo anasankhidwa kukailondola ndi anzawo. Mfuti yaikulu ya kuntchito anali nayo, koma agogo anaumirira kuti volovolo ikhale m'chiuno, chifukwa m'ziyangoyango njati yovulala imakupeza mfuti yaitali usanaitembenuze. M'mawa wa ulendowo anadzitsekera m'chisakasa kuti adzaze zipolopolo zatsopano.

Ali mkati mwa ntchitoyo, panafika munthu wa ku Meponda pa njinga yamoto. Anachita odi, osayankhidwa. Kenaka anagwada pakhomo la chisakasa nati, "Bambo Bernardo, pepani. Achemwali anu atisiya. Tiika lero lomwe masana."

Chitseko chinatseguka. Aka kanali koyamba kuti ndione agogo akutuluka ntchito ili pakati. Mlongo wawoyo ndiye anawalera makolo atamwalira, ndipo anakwatiwa kwa Asilamu, kumene maliro sagonekedwa. Agogo anamva uthenga wonse atagwira tsaya, nabwerera mkati, namaliza zipolopolo zotsala, nazipereka kwa malume. Agogowo anavala jekete lawo lakuda. Atafika pachipata anaima chilili.

"Tomasi, bwera nazo."

"Zichani, Papa?"

"Zipolopolo. Sindikukumbuka pomwe ndinalekezera kuthira. Ndizimasula zonse."

Malume anayang'ana galimoto imene inaima kumsewu. "Papa, karu ya kuntchito ikundidikira. Manja anuwo sanalakwitsepo chiyambire."

"Manja analipo. Mutu unali ku Meponda."

"Ndiye volovoloyo itsale."

"Kwa njati supita chimanjamanja."

Agogo aakazi anayamba kulira. "Abambo inu, mlongo wanu akwiriridwa inu kulibe! Abale adzati chiyani?"

"Anene," anatero agogo akuvula jekete. "Amene wagonayo sindingamudzutse. Uyu ali moyo."

Ndinasuzumira pamng'alu. Ankazula mtovu pa chigoba chimodzichimodzi, kukhuthulira wonga pa kasikelo, kuyang'anitsitsa, n'kudzazanso mosathamanga ngakhale pang'ono, pamene kunja wa njinga yamoto uja ankaliza hutala ndipo malume ankangoyendayenda pabwalo akutsonya. Misozi inkatsika m'masaya a agogo, iwo n'kumaipukuta ndi phewa kuti isadonthere mu wonga. Chakumapeto, chigoba china chinakhuthula mulu woposa zinzake, kasikelo n'kupendekera mbali imodzi kuti khu. Sanaitane munthu aliyense kuti adzaone. Anachiika pambali n'kutenga chotsatira.

Malume ananyamuka dzuwa litapendeka, anzawo atawakalipira zokwanira. Agogo anafika ku Meponda manda atakwiriridwa kale, anthu akusamba m'manja. Abale ena sanapondenso pakhomo pathu mpaka agogo kumwalira, ndipo agogowo sanapite kukadziyeretsa kwa wina aliyense. Zinkawapweteka. Dzina la mlongo wawo likatchulidwa ankadzuka n'kukakhala okha m'chisakasa muja, ngakhale tsiku lopanda ntchito.

Njati ija inagwa ndi mfuti ya mlonda wina, ndipo volovolo sinatuluke n'komwe m'chiuno mwa malume. Agogo aakazi atamva anati, "Mwaonatu, munaphonya maliro pachabe." Agogo anangogwira dzanja lamanja la malume, nalitembenuza uku ndi uku, nawerenga zala zake ngati za khanda longobadwa kumene.

Lero ndine namwino m'chipinda cha ana odwala. Ndikamakoka mankhwala m'jakisoni sindiyankha moni, ngakhale wa dokotala wamkulu, ndipo wina akandidodometsa ndimataya n'kuyambiranso, mzere utalike bwanji. Anzanga amati ndine wodzimva. Ndimawasiya anene. Chigoba chija agogo anandipatsa ali pafupi kutisiya, ndipo chimakhala m'thumba la yunifolomu yanga. Malume Tomasi ndi nkhalamba tsopano. Ndikapita kukawaona ku Namacula, amandipatsa moni ndi dzanja lomwe lija, zala zonse zilipo.