Sizasi m'Chikwama cha Mfuti

Mukakumana ndi Don Ovidio Fallas akutsika kumunda wake wa khofi, musathawe poona chikwama chachikopa chili m'chiunomo. N'cha mfuti ndithu, chosokedwa ndi mmisiri wa ku San Marcos, koma mumakhala sizasi yodulira nthambi. Achinyamata amayesa ndi fashoni ya madala, osadziwa kuti chikwamacho chili ndi nkhani yake.

Mkuluyu ndi wofatsa kuyambira ali mwana. Mayi ake anamulera ndi lamulo limodzi, lokhomereredwa ndi chikoti: munthu akakuitana tembenuka thupi lonse umuyang'ane kumaso, poti kuyankha utapereka nkhongo n'kwa bulu. Mpaka lero mukamuitana ali pamakwerero amatembenuka, ndipo anagwapo kale chifukwa cha ulemu womwewo.

Ndiye kunabwera chilimwe china chouma zedi. Kasupe amene banja lake limamwa ali m'malire ndi munda wa Belarmino Ureña, munthu wa mkamwa mowawa amene amati madziwo ndi a agogo ake. Ovidio akalumikiza paipi, Belarmino ankaidula ndi chikwanje. Akalumikizanso, m'mawa ankapeza madzi akuthirira udzu. Loweruka lina pagolosale, kachasu wa nzimbe atamulowa pang'ono, Ovidio anamenya tebulo.

"Akadzadulanso paipi yanga, ndidzamuwombera ngati galu!"

Madzi akatayika sawoleka. Pamalopo panali mlamu wake Rigo, wokonda mfuti kuposa mkazi wake, ndipo mawuwo anawatola asanagwe pansi. Anamulembetsa kuti apeze chiphaso choyendera ndi mfuti, anamuperekeza kumayeso olemba, anamutengeranso kwa dokotala woyeza mutu. Zonsezo Ovidio anakhoza, mwatsoka lake. Rigo anafika pomugulira chikwama chija mfuti isanapezeke n'komwe. Kunatsala mayeso owombera basi.

Kunena zoona, Ovidio anali ndi mantha. Sankaopa kulephera ayi, ankaopa kukhoza. Ankadziwa kuti chiphaso chikatuluka mfuti ikhala m'chiuno, Belarmino adzadulanso paipi poti ndi wamakani, ndipo phiri lonse lidzakhala likudikira kuona ngati Fallas ndi mwamuna wosunga mawu ake. Chakudya chinasiya kutsika.

"Inu, nkhuku imakukanikani kupha, ndimachita kupha ndine," anatero mkazi wake Doña Nidia, akuchotsa mbale ya mpunga ndi nyemba yosakhudzidwa. "Mukangowauza kuti unali mowa."

"Ndiye anthu azinditi chiyani?"

"Azikutini? Kundende kulibe khofi wanga, muzidziwa."

Kuphonya dala nakonso kunali kosatheka. Ali mnyamata ankagwetsa agologolo m'mitengo ndi mfuti ya bambo ake, ndipo poyeserera Rigo anaona yekha zitini zikudumpha chimodzichimodzi.

Tsiku la mayeso anamuimika pamzere pamodzi ndi oyesedwa ena, aliyense ndi chandamale chake chapepala. Woyesa anali mayi wamfupi wa mawu ngati a msilikali. Anabwereza lamulo mpaka kutopetsa: kamwa ya mfuti iziloza kutsogolo nthawi zonse, woitembenuzira kwa anthu watuluka pomwepo, ngakhale atakhala katswiri wotani. Onse anavala zotseka m'makutu. Rigo anaima kuseri kwa galasi, mano onse pamtunda.

Ovidio anakweza manja, ndipo manjawo, osamva chisoni, sananjenjemere ngakhale pang'ono. Phaa! Pakati penipeni. Phaa! Pomwepo. Chipolopolo chilichonse chikalowa pakuda pa chandamale, chiphaso chija chinkayandikira. M'maganizo mwake ankaona Belarmino ali chagada pakasupe, ankaona Nidia atanyamula chakudya pageti la ndende, koma dzanja linkangogwira ntchito yake.

Mayi woyesa uja anafika kumbuyo kwake, nasuzumira pepalalo, n'kulephera kudzigwira.

"Koma Don Ovidio, munaphunzira kuti zimenezi?"

Kudzera m'zotseka m'makutu zija, Ovidio anangomva dzina lake. Ndipo mwana wa mayi ake anachita chimene wakhala akuchita moyo wake wonse. Anatembenuka thupi lonse, mwaulemu, mfuti ili m'manja, chipolopolo chikadalimo, kamwa yake italoza pamimba pa mayiyo.

Mayo ine! Anthu anadzigwetsa pansi ngati matumba. Mayiyo sanathawe, koma magazi onse anachoka kumaso kwake, dzanja limodzi litaphimba pamimba ngati lingatchinge kanthu. Ovidio anali asanaonepo nkhope ya munthu wolozedwa mfuti. Anaiona tsiku limenelo, pafupi.

"Lozani uko. Pang'onopang'ono. Ikani patebulo," anatero mayiyo. "Tulukani, bambo. Mwalephera."

"Pepani kwambiri, mayi. Ndimati ndikuyankheni."

Panja Rigo anali atalusa. "Alamu, mwandichititsa manyazi! Zonse pakati, kenako mukufuna kupha woyesa? Tidzabweranso, amalola kubwereza."

"Mudzabwere nokha," anatero Ovidio. "Mwaona nokha kuti mfuti sindiyenera. Dzina langa likangomveka ndimatembenuka."

Phiri lonse linkadziwa kuti n'zoona. Ovidio anamva mtima uli myaa, ngati wamutula thumba la feteleza pamsana. Palibe akanamutcha wamantha, poti pepala linali ndi mabowo ake, ndipo palibe akanamupatsanso mfuti. Kunyumba anadya mbale ziwiri za nyama ndi chinangwa, n'kupempha yachitatu. Doña Nidia sanafunse zambiri, anangolowa kuchipinda kukayatsa kandulo kwa Maria Woyera, akupukuta m'maso ndi epuloni.

M'mawa mwake anakwera kukasupe atanyamula mphira womangira paipi. Anapeza Belarmino atakhala pamwala, chikwanje chili pamwendo, ataonda ngati wadwala. Kunamveka pambuyo pake kuti masabata onsewo ankagona kwa mlongo wake kutauni poopa kuwomberedwa. Maso ake anathamangira m'chiuno mwa Ovidio, pachikwama chija, n'kuona zogwirira zofiira za sizasi.

"Ndamva kuti mwalephera, a Fallas."

"Ndalephera."

"Chitsiru cha munthu. Mfuti amalozetsa woyesa?" Anatulutsa mpweya wautali, n'kuika chikwanje pansi. "Madziwa ndi a agogo anga, musaiwale."

"Sindinaiwale. Tagwirani uko, paipiyi ikundithawa."

Belarmino anatukwana, koma anagwira. Mpaka lero, ngakhale akukalamba, onse awiri amakanganabe za kasupeyo, ndipo Belarmino akamukuwira kuchokera kumtunda, Don Ovidio amatembenuka thupi lonse n'kumuyang'ana kumaso, popanda wodzigwetsa pansi.