Tsiku Limene A Khutu Sanatenthetse Galimoto

Kugalaja ya kuseri kwa sitolo ya matayala ankawatchula kuti a Khutu, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Anatha zaka makumi atatu akukonza magiyabokosi a otomatiki. Munthu akafuna kugula galimoto yoyendapo kale ankayamba wadzawatenga iwo, makamaka pa tigalimoto tothamanga tija ta zitseko ziwiri. Timeneto n'tonyenga zedi. Kunja waliwali, m'kati giyabokosi itatheratu ndi eni ake oponda moto.

Kachitidwe kawo kanali kamodzi. Ankanunkhiza oyilo, kuzimitsa wailesi, n'kuyendetsa theka la ola lathunthu ali chete, chifukwa giyabokosi yodwala imabisa matenda ikazizira, imaulula ikatentha. Ogulitsa ankang'ung'udza kuti mafuta akutha.

"Ngati mukufulumira, kagulitseni njinga," ankatero a Khutu.

Akati gulani, munthu ankagula mtima uli m'malo. Chuma chawo chonse chinali mawu amenewo, poti galajayo inali denga lodontha ndi mabokosi awiri a masipanala basi.

Ndiye kunabwera aphunzitsi ena opuma ntchito, amene ankalakalaka kagalimoto kofiira kotere chiyambire unyamata wawo. Anali atakapeza. Tsoka lake, wogulitsayo anali mlamu wa a Khutu, mchimwene wa malemu akazi awo. Anali munthu wa pakamwa potsekemera, komabe ndi yemweyo amene anachezera nawo kuchipatala mwezi wonse mayiwo akudwala komaliza.

Anakwera awiri, mlamu pambali, aphunzitsi n'kutsala pamthunzi akudikira. Oyilo anali watsopano, wongothiridwa dzulo lake, ndipo zimenezo zokha zikanawadzutsa a Khutu, poti oyilo watsopano amabisa fungo la giyabokosi yopserera. Zitangotha mphindi zisanu, mlamu anawagwira pabondo.

"Alamu, mpaka theka la ola ngati mukuyesa mbava? Ine ndi inu?"

A Khutu anagwidwa manyazi. Munthu wamkulu, wodziwa ntchito yake, kugonja ndi dzanja la pabondo! Anakhota pamalo omwetsera mafuta n'kubwerera injini isanatenthe n'komwe.

"Gulani, aphunzitsi," anatero.

Sabata isanathe, kagalimoto kaja kanakanika pachitunda. Injini inkalira, matayala osakoka. Kanafika pagalaja kali pachingwe, aphunzitsi atakhala m'kati, chipewa chili pamiyendo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"A Khutu, munakayendetsa mpaka kutentha?" anafunsa motsitsa mawu.

A Khutu anangopita kukatenga bokosi la masipanala. Mlamu uja foni anasiya kuyankha tsiku lomwelo.

A Khutu anamasula giyabokosiyo okha, n'kuikonza masabata atatu, ndipo inachira bwinobwino. Aphunzitsi anathokoza mwaulemu, koma pagalajapo sanapondeponso. Nkhani inayenda, monga mudziwa anthu ndi pakamwa pawo. Magalimoto owonongeka ankabwerabe, poti manja a a Khutu palibe ankawakayikira. Chimene chinatha ndi kugogoda kwa m'mawa kuja, munthu atavala bwino, n'kuti tiyeni mukandionere ndisanagule. Zinawapweteka kwambiri, ndipo analibe woti amudandaulire, chifukwa wowalakwira anali iwo eni.

Patatha chaka, mwana wawo wamkazi, namwino, anaimitsa kagalimoto kotuwa pakhomo la galaja, nkhope ili mwee.

"Bambo, ndagula."

"Wagula kale?"

"Dzana. Ndinaopa kukuvutitsani."

A Khutu anapukuta manja pansanza nthawi yaitali. Kenako anatsegula boneti, n'kuwerama, n'kumvetsera injini ikulira. Anafunitsitsa kupeza kenakake, kakang'ono chabe, koti amuchenjeze mwana wawo, koma munalibe.

"Ili bwino, mwanangu," anatero.

"Ee, ndikudziwa," anayankha namwinoyo, maso ali kumbali. "Anandionera amakaniko a kumsika aja."