Malofu Awiri a ku Chigayo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa malume anatopa nane. Nditalemba Fomu 4 kwathu ku Ntcheu, ndinabwera kudzakhala nawo ku Kawale. Miyezi itapita ndili chikhalire pakhomo, anandiuza pamaso pa ana awo kuti nyumba yawo si depoti yodikirirapo basi: ndipeze chochita, apo ayi ndibwerere kumudzi ndikalime mbatata. Iwo omwewo ndiwo ananditengera ku Biwi kwa mnzawo wa kutchalitchi, a Chisale, amene anali ndi bekale ndi chigayo pa puloti imodzi. Munali m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. A Chisale anandiyang'ana zikhadabo, n'kundifunsa ngati ndimadwaladwala, basi ndinalembedwa.

Mu bekalemo munali makina okandira a mbale yaikulu yachitsulo, uvuni wamagetsi, sikelo, tebulo lalitali ndi zitini za buledi. Mkulu wa ophika anali a Filipo, bambo wa ku Dedza wouma pakamwa. Anandiphunzitsa kupima ufa wa tirigu, shuga, mchere ndi yisiti, ndiponso kuti mchere usamathiridwe pamwamba pa yisiti chifukwa umaipha. Madzi tinkawayesa ndi kuseri kwa dzanja, akhale ofunda chabe. Makina akakanda, tinkadula ufawo, kuupima, kuuumba, kuuika m'zitini zopaka mafuta n'kuvundikira ndi nsalu kuti ufufume. Ukadina ndi chala dzenjelo n'kumabwerera pang'onopang'ono, ndiye kuti wakwana. Pamenepo sipafunika kuchedwa. Ukachedwa umasefukira, kenako umaphwa n'kusasa, ndipo palibe mmisiri amene angaubweze.

Ndinalinso ndi kantchito kena kamene ndinkakaona ngati kosafunika. Masana aliwonse tisanayatse uvuni, ndinkakulunga malofu awiri m'nsalu n'kudutsa pa kageti ka pakati kupita kuchigayo. Chigayocho ankayendetsa Anachisale, mlongo wawo wa a Chisale, mayi wamasiye wamawu aakulu. Ndinkawapatsa buledi n'kunena kuti, “Tikuyatsa, amayi.” Iwo ankamaliza dengu limene linali m'chigayo n'kuzimitsa, amayi odikira kugayitsa n'kumang'ung'udza pakhonde lathu mpaka titaphula. A Filipo anangondiuza kamodzi kuti uvuni ndi chigayo zikalira pamodzi magetsi amagwa. Kumene waya ankachokera sindinkasamalako, ine ndinali wonyamula buledi basi.

Chaka chisanathe kunabwera amuna awiri a mataye. Anawerenga zitini, anasuzumira mu uvuni, anakhala ndi a Chisale mu ofesi akutembenuza mapepala. Ife sanatipatse ngakhale moni. Kenako tsiku lina tinangopeza anthu akupaka penti yatsopano pakhoma ndi kulemba dzina lina. Bekale inali itagulidwa ndi kampani ina ya mabekale ambiri, koma chigayo ayi. A Chisale anasamukira ku nyumba yawo yatsopano ku Area 49 osatitsanzika, ndipo mlongo wawo weniweniyo nkhani ya malondawo anaimva kwa opaka penti.

Kampani inatitumizira manijala, a Mbewe. Anabwera ndi zipewa zoyera, maepuloni ndi mlonda wotisecha potuluka, ngati kuti zaka zonsezi bekale inkayendetsedwa ndi mbava. Lamulo lawo loyamba linali lakuti lofu isatuluke pageti popanda lisiti.

“Nanga awiri a kuchigayo aja, bwana?” ndinafunsa.

“Chigayocho tinagula ife?” anatero. “Uno ndi bizinesi, si tchalitchi ayi. Iwe mtsikana, ndikadzakuonanso uko, wapita.”

A Filipo anali pomwepo akupukuta sikelo, koma sanatsegule pakamwa. A Mbewe anali atawachotsa pa ukapitawo sabata yomweyo, ndiye anasankha kukhala chete n'kumadikira. Kukhala chete kumeneko sindinakhululuke mpaka lero.

A Mbewe sanalekere pomwepo. Kageti kaja anakakhoma ndi loko. Amayi ogayitsa anawathamangitsa pakhonde, ati madengu awo akuipitsa maonekedwe a kampani. Anafika potumiza mlonda kuti akauze Anachisale kuti fumbi la chigayo chawo likudetsa buledi. Chodabwitsa n'chakuti masana akakwana, chigayo chinkazimabe chokha monga kale, popanda buledi kapena uthenga. A Mbewe anaganiza kuti apambana. Nanenso ndinapusa, ndinkaganiza kuti mayiwo angomeza.

Tsiku lovuta linafika sukulu zikutsegulidwa. Kampani inapeza oda yaikulu ya sukulu ina yogonera komweko, kuphatikiza buledi wa maokala a ku Biwi, Mchesi ndi Kawale amene tinkawaperekera masiku onse. Lole ya ufa inatsitsa matumba dzulo lake, msewu wonse ukuonerera. Zitini zina tinachita kubwereka ku bekale ina ya kampaniyo. Tinakanda m'mawa wonse mpaka mapewa kuwawa. Pofika masana tebulo, mashelefu ndi pansi pomwe panali zitini zokhazokha, ufa utatukumuka bwino pansi pa nsalu. Uvuni unatentha, tinalowetsa mathireyi oyamba, a Filipo n'kutseka chitseko.

Ndiye magetsi anangoti phethi.

Masiku amenewo kuzima kwa magetsi sinali nkhani, moti mlonda anangoti, “Athimitsanso anthu awa.” Koma asanamalize kuyankhula, chigayo chinalira kuseri kwa khoma, kulira kwamphamvu kumene sindinakumvepo nthawi ya masana. A Mbewe anatuluka mu ofesi maso ali psuu.

“Bwanji uko akuyaka?”

“Magetsi athu amadzera mmenemo, bwana,” anatero a Filipo mofatsa. “Mita ndi swichi zili kuseri kwa chitseko chawo.”

Ndinawaona akubisa kaseko. Iwo ankasangalala kuti bwana wagwa, osaganiza kuti munthu wamkulu akamagwa amagwera pa wina.

A Mbewe anandikankhira thireyi yonse ya buledi wa dzulo kuti ndipite nayo. Kiyi wa kageti sanaoneke, choncho ndinazungulira kumsewu thireyi ili pamutu, amayi amene anathamangitsidwa pakhonde aja akundiseka. Anachisale ndinawapeza ataima pa chigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa.

“Amayi, chonde tiyatsireni,” ndinakuwa kuti andimve. “Ufa usasa!”

“Wakutuma ndani?”

“Bwana.”

“Alibe miyendo? Bweza zimenezo. Waya uja ndinakoka ndine ndi thukuta la chigayo chino, mchimwene wanga asanalote n'komwe za uvuni. Wagulitsa nyumba, wagulitsa uvuni, ine osandiuza. Magetsi anga sanagulitse. Akamufunse ku 49 konko.”

“Andichotsa ntchito, amayi. Andibweza kumudzi.”

“Iwe ndilibe nawe mlandu, Esinati,” anatero, n'kutembenuka kukhuthulira chimanga china m'chigayo.

Mawu amenewo amandipsetsa mtima kuposa chipongwe chonse cha a Mbewe. Analibe nane mlandu, koma anadikira dala tsiku limene zitini zonse zinali zodzaza, ndipo ankadziwa bwino manja amene anazidzaza.

A Mbewe anapita okha, akukalipa za apolisi ndi maloya. Anachisale anangoloza khutu kusonyeza kuti chigayo chikusokosa. Atabwerako anaimba foni ku likulu la kampani, ndipo tonse tinamva mmene mawu awo ankacheperachepera. M'malonda aja munali nyumba, uvuni, makina ndi zitini. Za magetsi munalibe, ndipo kukoka waya wawowawo wa mphamvu yoyendetsa uvuni inali nkhani yodikira miyezi.

Ife tinangoima n'kumaonerera. Ufa unakankha nsalu, unasefukira m'zitini n'kuyenderera patebulo, kenako unaphwa. Chipinda chonse chinayamba kununkha ngati masese. Buledi amene anali mu uvuni anatuluka wotuwa, m'kati muli phala. Tinapala zonsezo ndi manja n'kuthira m'matumba, munthu wina woweta nkhumba n'kudzatenga pa wilibala. Ndinalira ndikupala, osati chifukwa cha kampani, koma chifukwa ndinkaona kale msewu wa ku Ntcheu.

M'mawa mwake anabwera amuna a mataye aja. Iwo amene anagula uvuni osafunsa kumene moto wake umachokera ankafuna munthu womuloza chala, ndipo a Mbewe anali atamukonzeratu.

“Ndi uyu,” anatero a Mbewe akundiloza. “Ankazembera kuchigayo kuyambira kale. Ndi amene anakawauza za oda.”

Ine za odayo sindinauze munthu aliyense. Lole ya ufa anaiona ndi Biwi yense. Ndinayang'ana a Filipo kuti anene chilungamo, iwo n'kumayang'ana pansi. Ndinavula chipewa ndi epuloni, mlonda anasecha chikwama changa komaliza, ndinatuluka. Malume sanafune kumva zambiri. Loweruka lomwelo anandiperekeza kudepoti.

Bekale inayenda ndi jenereta yobwereka kwa kanthawi, mafuta n'kuidya, kenako anadzanyamula uvuni n'kutseka. A Mbewe anawasamutsira ku nthambi ina. A Filipo anapeza ntchito ku Mchesi. A Chisale anapitiriza kukhala pampando wakutsogolo kutchalitchi, ndipo chigayo chinayamba kugaya tsiku lonse osapumira. Aliyense wa anthu amene anakangana aja anagwera pabwino. Amene ndinakalima mbatata ndine, amene ndinangonyamula buledi.

Ndinabwereranso m'tauni patapita zaka. Pano ndimaphika masikono ku Chinsapo mu uvuni wa njerwa, woyatsa ndi nkhuni zogula ndekha. Posachedwapa bambo wina anandiitana kuti ndikaone kabekale kake ku Area 23, akugulitsa motchipa. Anandionetsa uvuni wabwino, zitini zatsopano, ndipo anayamba kutchula mtengo. Ine ndinamusiya akuyankhula, ndinatuluka panja n'kuyamba kutsatira paipi ya madzi. Inadutsa kuseri kwa nyumba, n'kukalowa pansi pa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo.

“Umo mumakhala ndani?” ndinafunsa.

“Aa, musadandaule mayi, ndi mlamu wanga ameneyo. Timamvana kwambiri.”

Ndinamuthokoza, ndinamanga chitenje changa, n'kupita kukakwera minibasi.