Agogo a Pakhomo

Mumsewu wonse panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ukafunsa wosoka nsapato, anthu ankangoti, "Pitani kwa a Chifuwa, mukawamva musanawaone." Ndipo zinalidi choncho. Pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa mulu wa zidendene ndi chitini cha guluu, mkuluyu ankasoka uku akutsokomola, chiyambire unyamata wake.

Matenda anawadziwa onse: chibayo chaka ndi chaka, zithupsa, khutu lotuluka mafinya mpaka linagontha. Kuchipatala anawayeza chifuwa chachikulu, sanachipeze. Kachilombo kaja anawayeza kambirimbiri mpaka anamwino ankachita kuwaseka, osapezekanso. Anzawo ankati ndi fungo la guluu. Akazi awo ankati ndi makani, munthu wokana juzi. Eni akewo anangotopa n'kusiya kufunsa. Chimene ankanyadira ndi ana awo, anyamata awiri ndi mzime wamkazi, onse amphamvu, osadziwa n'komwe khomo la chipatala.

Mzimeyo anakwatiwa ndi dalaivala wa lole, n'kubereka mwana wamwamuna. A Chifuwa anamunyamula mdzukuluyo miyezi yoyamba yokha. Mwanayo asanayambe kukwawa, khutu linayamba mafinya, kenako chibayo, kenako kutsegula m'mimba kosatha.

Tsiku lina mkamwini anawatsekereza pakhomo. "Pepani bambo, sikuti tikukuthamangitsani ayi. Koma chifuwa chanuchi, mwanayu akutengera kwa inu. Muzimuonera pomwepa."

Zinawapweteka kwambiri, koma akanatsutsa bwanji? Mwina zinali zoona. Akaweruka ankasamba, kusintha malaya, n'kukaima pakhomo kumukodola mwanayo ali pampando. Mwanayo atayamba kulankhula anawatcha agogo a pakhomo. Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti iwo anatalikira ndithu, koma mwana sankachira. Nanga chifuwacho chinkalowera pati, pazenera?

Mwanayo atagonekedwanso kuchipatala chachikulu, dokotala wina anafunsa za kumtundu. Atamva za agogo otsokomola anawaitanitsa n'kuwatenga magazi. Zotsatira zitabwera anawakhazika pansi onse atatu, a Chifuwa, mzime ndi mkamwini.

"Bambo, thupi lanu silipanga chitetezo chokwanira cholimbana ndi matenda. Munabadwa choncho. Mdzukulu wanunso ndi chimodzimodzi."

A Chifuwa anatembenuzira khutu labwino kwa dokotalayo. "Ndiye kuti ndinamupatsiradi?"

"Osati potsokomola. Ndi zakumtundu. Mwana wanu wamkaziyu anatengera kwa inu. Iye sadwala, koma zadutsira mwa iye kufika kwa mwana wake wamwamuna."

"Nanga anyamata anga aja?"

"Amenewo sangatengere kwa inu."

Apa ndiye mutu unaima. Wosadwala ndiye ali nazo. Anyamata ofanana nawo mphuno ndi mayendedwe alibe. Kamwana kamene anakhala akukathawa anali atakapatsa kale kasanabadwe. Anayang'ana mzime wawo, yemwe ankalira mwakachetechete, ndipo sanadziwe kuti wopepesa mnzake ndani.

"Nanga pakhomo paja ndinkaimirapo chiyani?" anafunsa. Sikunali kukalipa, ankafunadi kudziwa. Mkamwini anangozyolika.

Dokotala anati chifuwa chikakula azisamalabe, azivala chotchinga kukamwa. Anatinso matendawa satha, koma onse awiri azibwera mwezi ndi mwezi kudzaikidwa dilipu yowonjezera chitetezo chimene matupi awo sapanga. A Chifuwa anagwedeza mutu ngati amva, chonsecho theka la mawuwo linathera kukhutu logontha.

Tsiku la dilipu anawaika chipinda chimodzi. A Chifuwa anawabaya kaye, iwo osaphethira n'komwe, poti singano anakalamba nazo. Mwanayo ataona zimenezo anayamba kukuwa n'kumaponda namwino. Amayi ake analephera kumugwira.

"Agogo, mwangokhalatu. Tamugwireni mdzukulu wanuyu," anatero namwino, yemwe za pakhomo zija sankazidziwa.

A Chifuwa anayang'ana mkamwini. Mkamwiniyo anamunyamula yekha mwanayo n'kumukhazika pamiyendo pawo. Anali wopepuka kwambiri, ndipo zimenezi zinawaopsa. Mwanayo anasiya kulira, n'kugwira kachubu kamene kanali padzanja lawo.

"Agogo, nanunso akubayani?"

"Eya, tonse awiri."

"Chifukwa chiyani?"

A Chifuwa anangomukumbatira ndi dzanja linalo, akuchimeza chifuwa chimene chinkafuna kutuluka, kuopa kuti angawalandenso mwanayo.